Kalata yotseguka kwa a Nduna ya Zamalonda, aphungu ndi bungwe la CFTC: chindapusa chikalowa ku boma, wobedwayo amubwezera ndani?

Olemekezeka a Nduna ya Zamalonda ndi Mafakitale, aphungu a komiti yoona za malonda ku Nyumba ya Malamulo, ndi akuluakulu a bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC,

Landirani moni wanga waulemu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pa ntchito yomwe Amalawi anakupatsani. Ine ndili ndi golosale ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, ndipo ndisanaitsegule ndinagwira ntchito zaka 8 m'sitolo ya zakudya ku Cape Town. Ndalemba poyera mwadala. Nkhaniyi ikukhudza mayi wokazinga mandasi, mlimi wogula feteleza, mmisiri wogula simenti, ndipo ndikufuna kuti nawonso aiwerenge ndi kuuzako anzawo.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Mu 2023 bwalo la High Court linagamula kuti pansi pa lamulo lakale la 1998, CFTC inalibe mphamvu yolipiritsa yokha chindapusa, ndipo ambiri tinaona ngati mlonda amulanda chibonga. Simunakhale chete. Lamulo latsopano linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2024, ndipo lero kampani yophwanya malamulo a mpikisano ingathe kulipa mpaka 10 peresenti ya ndalama zonse zomwe yagulitsa pachaka. Pamenepo mwagwira ntchito.

Chomwe chandivuta mumtima ndi ichi. Kwathu ng'ombe zikalowa m'dimba la munthu n'kudya mbewu, mlandu ukafika kwa mfumu, mwini ng'ombe amayamba walipira mwini dimba. Nkhuku ya bwalo imabwera pambuyo. Mfumu yomwe ingalandire nkhuku yake n'kumuuza mwini dimba kuti mlandu watha, azipita, anthu sangabwererenso ku bwalo lake. Pa nkhani za kupangana mitengo ndikuopa kuti tatengera njira yomwe imayamba ndi nkhuku n'kuthera pomwepo. Makampani akapangana kukweza mtengo, ndalama amazitenga m'matumba a ogula ndi a ife ogulitsa ang'onoang'ono, koma akagwidwa chindapusa sichibwerera m'matumba omwewo. Ndili ndi madandaulo anayi, ndipo zitsanzo zambiri ndizitenga ku South Africa, komwe ndinaona nkhani yotere ikuyenda m'makhoti kwa zaka.

Dandaulo loyamba ndi la komwe ndalama zimathera. Mu Disembala 2006, kutatsala sabata imodzi kuti ifike Khrisimasi, makampani akuluakulu ophika buledi m'chigawo cha Western Cape anakweza mtengo nthawi imodzi, ndi masenti a pakati pa 30 ndi 35 pa buledi mmodzi. Anadulanso phindu lomwe ankapatsa anthu opikula buledi kukagulitsa m'makomboni, ndipo anagwirizana kuti wopikula wa kampani ina asalandiridwe ndi inzake. Mmodzi mwa opikulawo anakadandaula ku Competition Commission, bungwe la kumeneko lofanana ndi CFTC. Kampani ya Premier Foods, yophika Blue Ribbon, inaulula zonse n'kukhululukidwa chindapusa. Tiger Brands, eni a Albany, analipa R98.8 miliyoni mu Novembala 2007. Foodcorp, ya Sunbake, inalipa R45.4 miliyoni mu 2009. Pioneer Foods, ya Sasko ndi Duens, inakana mlandu mpaka bwalo la Competition Tribunal linaigamula R195.7 miliyoni mu Febuluwale 2010. Ndalama zonsezi, malinga ndi lamulo la kumeneko, zinapita ku thumba lalikulu la boma, lomwe kuno tingati Akaunti Nambala Wani.

Buledi ku South Africa ndi chakudya cha mmphawi. Abale athu ambiri amene ali ku Joni, olima maluwa m'mayadi ndi ogwira ntchito m'nyumba, tsiku amaliyamba ndi buledi ndi tiyi, ndipo ena amalitsirizanso ndi zomwezo. Anthu otere ndi amene analipira masenti owonjezera aja, koma pa mamiliyoni onse a chindapusa panalibe dzina lawo. Chinthu chimodzi chokha chinayandikira kubweza. Mu Novembala 2010, pothetsa milandu ina yokhudza ufa ndi zakudya zina, Pioneer Foods inavomera, kuwonjezera pa chindapusa, kutsitsa mitengo ya buledi ndi ufa mpaka phindu lake litachepa ndi R160 miliyoni. Apo wogula anaonako kanthu pa shelefu. Ndikukumbutsani chitsanzo chimenechi chifukwa chikuonetsa kuti bungwe loyang'anira likafuna, lingathe kuika wobedwa m'kati mwa mgwirizano wothetsa mlandu.

Dandaulo lachiwiri ndi la njira yopita kukhoti, yomwe pa pepala ndi ya aliyense koma oyendamo ndi olemera okha. Lamulo la mpikisano la South Africa la 1998 limalola munthu amene wapwetekedwa kusumira kampani kuti imulipire chipukuta misozi. Amayenera kutenga chikalata ku Competition Tribunal chotsimikiza kuti kampaniyo inapezeka yolakwa, ndipo woweruza wa bwalo wamba sayambanso kufunsa ngati kulakwako kunachitika. Amangoona kuti wodandaula anataya zingati. Njirayi ndi yabwino, ndipo ena apindula nayo. Kampani ya ndege ya South African Airways inkapatsa mabonasi ogulitsa matikiti kuti azikankhira makasitomala kwa iyo, n'kumana makampani ena. Mu 2016 khoti linalamula kuti ilipire kampani ya Nationwide R104.6 miliyoni. Mu 2017 linalamulanso kuti ilipire Comair R554 miliyoni, ndi chiwongola dzanja pamwamba pake. Komatu onani: Nationwide inali itasiya kale kuuluka mu 2008. Chigamulo chinafika patapita zaka 8 antchito ake atabalalika.

Tsono ngati kampani ya ndege yokhala ndi maloya ndi akatswiri owerengera chuma inadikira chomwecho, wogula buledi atani? Banja logula buledi mmodzi tsiku lililonse, litaberedwa masenti 30 pa buledi, lataya pafupifupi R110 pachaka. Palibe munthu angapite kwa loya ndi mlandu wa R110, ndipo amene amapangana mitengo amadziwa zimenezi. Amatenga pang'onopang'ono kwa anthu mamiliyoni, kwa iwo n'kukhala mtolo, pomwe kwa aliyense wa ife chotayikacho n'chochepa moti ulendo wa basi wopita kukhoti umachiposa. Mutu umodzi susenza denga, choncho mu 2010 mabungwe monga Children's Resource Centre, Black Sash ndi COSATU anapempha khoti kuti asume m'malo mwa ogula onse, ndipo opikula buledi anapemphanso chimodzimodzi paokha. High Court ya ku Cape Town inakana. Nkhani ya ogula inakafika ku Supreme Court of Appeal, komwe mu Novembala 2012 oweruza anayala mfundo zoyenera kutsata posuma monga gulu. Ya opikula, yodziwika ndi dzina loti mlandu wa Mukaddam, potengera dzina la mmodzi mwa opikulawo, inakafika ku Constitutional Court, yomwe inagamula mu Juni 2013 kuti chachikulu choyang'ana ndi chilungamo. Patapita zaka 6 ndi theka chikwerereni mtengo, makhoti anali akadali pa funso loti anthuwa aloledwe kulowa pakhomo limodzi kapena ayi. Za ndalama zawo anali asanayambe n'kukamba komwe.

Chinachedwetsa ndi chakuti Nyumba ya Malamulo ya kumeneko inali isanalembe lamulo la kasumidwe ka gulu, oweruza n'kumachita kulambula okha njira mlandu uli m'kati. Ife tili ndi mwayi wophunzira mlandu wathu waukulu usanafike. Ndikuopa kuti tikazengereza, tsiku lomwe CFTC idzagwire makampani opangana mtengo wa chinthu chomwe Mmalawi aliyense amagula, tidzaomba m'manja pomva kukula kwa chindapusa, kenaka aliyense n'kubwerera kwawo chimanjamanja.

Dandaulo lachitatu likundikhudza ineyo, ndipo ndi la makontrakiti. Chaka china kampani ina yomwe ndimaodako katundu inandibweretsera firiji ndi pepala loti ndisainire. Kuti m'firiji yawo musalowe katundu wa ena, ndinamvetsa, firijiyo ndi yawo. Koma pepalalo linkanenanso kuti m'golosale yonse ndisasunge katundu wa opikisana nawo, ndizigulitsa pa mtengo womwe iwo anena, ndipo ndikaphwanya ndilipire ndalama zomwe zinali zoposa phindu langa la miyezi ingapo. Nditayesa kukambirana, wobweretsa pepalayo anandiuza mwaulemu kuti amene sasaina galimoto imangomudutsa. Ndinasaina. Patapita miyezi, kampani ina yaing'ono ya Amalawi anzathu inabwera ndi katundu wotsika mtengo yemwe makasitomala anga ankamufunsa, ndipo ndinawabweza ndi manyazi. Iwo anataya msika, makasitomala anga analipira zambiri, ine ndinataya malonda. Anzanga a magolosale ndi maokala amene ndinawafotokozera anandiyankha mofanana: wasaina wasaina.

Mawu amenewo si oona kulikonse. M'maiko a European Union, pangano lalikulu la mgwirizano wawo limanena kuti mgwirizano wa malonda wophwanya malamulo a mpikisano ndi wakufa pawokha, osadikira kuti wina achite kuupha. Mu 2001 bwalo lawo lalikulu, pa mlandu wa Courage ndi Crehan, linaweruza nkhani ya munthu wa ku England wochita lendi malo ogulitsira mowa, amene kontrakiti inamumanga kuti azigula mowa kwa kampani imodzi pa mtengo wokwera. Oweruza anati ngakhale munthu amene anasaina nawo mgwirizano woletsedwa angathe kufuna chipukuta misozi, ngati iye anali wochepa mphamvu ndipo sindiye anauyambitsa. Bamboyo pamapeto pake anagonja mu 2006 pa mfundo zina ku House of Lords, lomwe panthawiyo linali bwalo lalikulu la kwawo, koma chiweruzo chija chinakhala, ndipo ambiri adutsirapo. Ku South Africa anasankha njira ina: ndime yoletsedwa imakhalabe yamoyo mpaka Competition Tribunal kapena bwalo lake la apilo litailengeza kuti yafa. Kwa munthu ngati ine kusiyana kwa njira ziwirizi n'kwakukulu. Pa yoyamba, kampani ikandisumira ndimaima pamaso pa majisitireti n'kunena kuti ndimeyo ndi yoletsedwa. Pa yachiwiri, ndiyenera kuyamba ndapeza chigamulo kwina, uku galimoto ikundidutsa. Ndikupempha kuti ife tiime poyera pa njira yoyamba, ndipo ochita malonda ang'onoang'ono auzidwe m'chiyankhulo chawo.

Dandaulo lachinayi ndi la umboni ndi nthawi. Opangana mitengo sachitira pamsika. Amakumana m'mahotela, amaimbirana mafoni, ndipo mapepala onse amakhala m'maofesi mwawo. Ku Ulaya makampani opanga malole, MAN, Daimler, DAF, Iveco ndi Volvo pamodzi ndi Renault, anapangana mitengo kwa zaka 14, kuyambira 1997 mpaka 2011, ogula osadziwa kanthu, ndipo chindapusa cha mayuro 2.93 biliyoni chinabwera mu Julayi 2016. Akuluakulu amati mlandu suola, koma ku makhoti a boma umaola, chifukwa malamulo amaika malire a zaka zomwe munthu ayenera kusumira. Nthawiyo ikayamba kuwerengedwa pa tsiku lomwe anakubera, imatha usanadziwe n'komwe kuti unaberedwa. Ichi n'chifukwa chake lamulo la European Union la 2014 linati nthawi isachepere zaka 5, isayambe kuwerengedwa wobedwa asanadziwe, ndipo iziima pamene bungwe loyang'anira likufufuza. Linatinso khoti lingalamule kampani kutulutsa mapepala, ndipo makampani akapezeka kuti anapangana, khoti liziyamba ndi ganizo loti anthu anapwetekedwa, kampaniyo ndiyo ionetse kuti sizinatero. Chindapusa cha malole chija chitatuluka, ogula malole ambiri asumira, ndipo mu 2023 bwalo la ku London linapeza kuti kampani ya positi ya Royal Mail ndi ya mafoni ya BT analipira 5 peresenti yowonjezera pa malole a DAF.

Palinso msampha wa kampani youlula. Kukhululukira woyamba kuulula ndi nzeru, popanda zimenezo nkhani ya buledi ikanavuta kutulukira. Koma mu 2015 Supreme Court of Appeal inagamula kuti chikalata chosumira Premier Foods sichikanaperekedwa, chifukwa kampaniyo sinaikidwe pa mndandanda wa oimbidwa mlandu ku Competition Tribunal. Kampani yomwe inavomera yokha kuti inapangana nawo inapulumuka pa mfundo ya kayendetsedwe ka mapepala. Boma lili ndi ufulu wokhululuka chindapusa chake, koma ngongole yomwe kampani ili nayo kwa ogula si ya boma kuti liikhululuke.

Ndisanafike pa zopempha, ndinene chilungamo ngati wamalonda. Si kukwera kulikonse kwa mtengo komwe kuli kupangana. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nane ndinasintha mitengo, ndipo sindinapangane ndi munthu. Ndalama zakunja zikasowa, mafuta akasowa, katundu amakwera. Sindikuloza chala kampani iliyonse ya kuno, ndipo sindikufuna kuti aliyense wokwiya ndi mtengo azithamangira kusuma. Ku America lamulo la Clayton la 1914 limalola wopwetekedwa kulandira katatu ka zomwe anataya. Ine sindikupempha zofika pamenepo. Ndikupempha kuti pamene kulakwa kwatsimikizika, wotaya abwezeredwe zomwe anataya ndi chiwongola dzanja chake, pokumbukira kuti kwacha ya chaka chomwe anaberedwa si yofanana ndi ya chaka chomwe chigamulo chidzatuluke. Msika wathu ndi waung'ono, ndipo pa katundu wambiri wofunika opanga kapena oitanitsa ndi owerengeka ndi zala. Pamalo otere kupangana sikuvuta, choncho chitetezo chiyenera kukhala champhamvu.

Zopempha zanga ndi izi.

1. CFTC isamatseke mlandu wa kupangana mitengo kapena kupondereza opikisana nawo isanayankhe poyera funso loti opwetekedwa abwezeredwa bwanji. Pamene ogula akudziwika, monga a mafoni, mabanki kapena opikula okhala ndi maakaunti, ndalama zibwerere mwachindunji. Pamene sakudziwika, monga ogula shuga kapena buledi opanda malisiti, kampaniyo ikakamizidwe kutsitsa mtengo kwa nthawi yodziwika, bungwe likuyang'anira.

2. Aphungu alembe ndondomeko yomveka yosumira monga gulu pa milandu ya mpikisano, yoti mabungwe oimira ogula monga CAMA, magulu a alimi ndi a mavenda athe kuimira onse okhudzidwa, kupatula amene wanena yekha kuti sakufuna. Mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa asachite kubwera ku Blantyre kudzalembetsa dzina kuti awerengedwe. Ndondomekoyi inenenso komwe ndalama zosatengedwa zidzapite, kuti zisabwerere kwa wolakwa yemweyo.

3. Chigamulo cha CFTC chomwe sichinachitidwe apilo, kapena chomwe chapambana pa apilo, chikhale umboni wokwanira m'khoti, kuti wosuma angotsala ndi kuonetsa zomwe anataya. Chimodzimodzi zigamulo za bungwe loona za mpikisano la COMESA, mgwirizano wa malonda wa maiko a kummawa ndi kummwera kwa Africa, bungwe lomwe likulu lake lili kuno ku Malawi, ku Lilongwe, pamene zikukhudza msika wa Malawi.

4. Zilengezedwe mosabisa kuti ndime ya kontrakiti yophwanya malamulo a mpikisano simanga munthu, kuti wochita malonda wamng'ono angadziteteze ndi mfundo imeneyi pa bwalo lililonse lomwe wasumiridwa, ndiponso kuti kusaina kwake sikumulanda ufulu wofuna chipukuta misozi. Kampani yosiya kumupatsa katundu chifukwa wadandaula ionedwe kuti yawonjezera mlandu. Popanda chitetezo chimenechi palibe wa golosale amene adzayankhule.

5. Nthawi yosumira iyambe kuwerengedwa pamene wobedwa wadziwa za kubedwako, ndipo iziima CFTC ikamafufuza.

6. Kampani youlula ikhululukidwe chindapusa, koma dzina lake lilembedwe m'chigamulo ndipo ikhalebe ndi udindo wobwezera amene inawagulitsa mokweza.

7. Boma nalonso ndi wogula, ndipo ndi wogula wamkulu kuposa tonse: feteleza, mankhwala a m'zipatala, misewu, mabuku a sukulu. Ku South Africa makampani 15 omanga analipa R1.46 biliyoni mu 2013 chifukwa chogawana mwachinsinsi makontrakiti a ntchito zomanga, kuphatikizapo a mabwalo a mpira a World Cup ya 2010. Makampani akapezeka kuno kuti anagawana makontrakiti a boma, ofesi ya Attorney General isume n'kubweza ndalama za misonkho, ndipo iziuza Nyumba ya Malamulo chaka ndi chaka kuti yabweza zingati.

8. Zigamulo za CFTC zizifotokozedwa m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'ziyankhulo zina, pa wailesi ndi pa intaneti, ndi mawu atatu omveka: analakwa ndani, anapwetekedwa ndani, ndipo wopwetekedwayo apite kuti. Bungwe la Legal Aid Bureau lipatsidwe maloya ndi owerengera chuma oti athandize pa milandu yotereyi, poti kuwerengera zomwe anthu anataya ndiye gawo lodula kwambiri.

Olemekezeka, ndikupempha kuti komiti ya aphungu iitane msonkhano wapoyera pa nkhaniyi, ndipo oitanidwa asakhale maloya ndi makampani okha. Muitanenso opikula, a magolosale ndi alimi. Pepala lomwe ndinasaina lija ndikadali nalo, ndipo tsiku la msonkhanowo ndidzabwera nalo.

Ine wanu mwaulemu,
Mwini golosale wa ku Bangwe, Blantyre